Kugona kuphiri ndi lona lokha

Anthu a ku Milange, m'chigawo cha Zambézia, akaona mtambo utakhala pamwamba pa phiri la Chiperone amadziwa kuti tsiku limenelo mphale siyanikidwa pabwalo. Mphepo yozizira imachokera kunyanja ya mchere, kum'mwera chakum'mawa, ndipo imadza ndi nkhungu ndi mvula yowaza imene imatha masiku angapo osakata. A tsidya lina la malire, ku Malawi, nyengo imeneyi anaipatsa dzina la phiri lomweli, amati chiperoni. Chimabwera miyezi yachisanu, kuyambira mu Meyi kufikira mu Ogasiti, nthawi imene mlendo amayesa kuti mvula inatha kalekale.

Kwa munthu amene ali pakhomo pake chiperoni si nkhani, amangosonkha moto m'nyumba nkumaotcha mbatata. Koma amene chamupeza ali pamwamba pa phiri, kutali ndi mudzi, moyo wake umakhala pachiswe. Mu Julayi chaka cha 2009 mnyamata wina wochokera ku Brazil anakwera phiri la Mulanje kulinga kunsonga ya Sapitwa, imene kutalika kwake ndi mamita 3,002. Panjira anasiya womuperekeza napitirira yekha, ndipo sanabwerere. Mtembo wake unapezeka kumayambiriro kwa Ogasiti, ndipo chimene chinamupha ndi kuzizira. Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma.

Nchifukwa chake aliyense woyenda ulendo wa masiku angapo m'mapiri, atabereka katundu wake yense kumsana, amayamba wadzifunsa kuti kodi kukada adzagona m'chiyani. Kale yankho linali limodzi basi, tenti. Koma tenti njolemera. Ya anthu awiri, kuphatikizapo mapolo ndi zikhomo zake, kawirikawiri imalemera makilogalamu 2 kapena 3, ndipo aliyense amene anakwerapo chitunda ndi katundu amadziwa kuti wopepuka m'mawa amalemera dzuwa likafika paliwombo. Tsono masiku ano okwera mapiri ambiri akuisiya tenti nkunyamula zinthu ziwiri zopepuka: lona lopyapyala, ndi thumba losalowa madzi limene azungu amalitcha kuti bivy. Ziwirizi pamodzi zikhoza osafika ngakhale kilogalamu imodzi.

Nkhani ya sabata ino ndi ya zinthu ziwiri zimenezi. Nzabwino ndithu, komatu ziri ndi vuto lake. Tenti imamuteteza munthu ngakhale ataimanga molakwika pang'ono, chifukwa iri ndi makoma, chitseko ndi pansi pake. Lona liribe zonsezo. Limateteza yekhayo amene akudziwa pamene angalimange ndi m'mene angalimangire.

Lona si lachilendo

Palibe amene angaphunzitse anthu a dziko lino kuti lona nchiyani. Pa nthawi ya nkhondo imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ndipo kumanga msasa wa msangamsanga anakuphunzira mosafuna. Namondwe wa Idai atawononga mu 2019, ndi wa Freddy mu 2023, mabanja ambirimbiri anagonanso pansi pa malona a chithandizo. Lona lomwelo ndilo limaphimba matumba a chimanga pa lole ndi kupereka mthunzi pamaliro.

Koma lona la chithandizo, la mamita 4 mulifupi ndi 5 mulitali, limalemera pafupifupi makilogalamu 4, kuposa tenti yomwe. La okwera mapiri amasoka ndi nsalu yopyapyala ya nayiloni yopakidwa mankhwala oletsa madzi. La mamita 2.5 ndi 3, limene limakwanira munthu mmodzi ndi katundu wake, kapena awiri mothithikana, limalemera magalamu 300 kufikira 500, ndipo likapindidwa limachepa ngati buledi. Lilipo lina lopepuka koposa la nsalu yotchedwa Dyneema, koma mtengo wake ngwokwera zedi.

Kuyenda mopepuka kotereku kunatchuka ku America. M'chaka cha 1955 mayi wina wa ku Ohio, Emma Gatewood, wa zaka 67 ndiponso wa ana 11, anayenda yekha njira yonse ya m'mapiri yotchedwa Appalachian Trail, makilomita opitirira 3,000 kuchokera ku Georgia kukafika ku Maine. Anatha masiku 146. Tenti analibe. M'kathumba kosoka yekha anaikamo bulangeti, jasi ya mvula ndi katani ya pulasitiki ya m'bafa. Ambiri posimba nkhaniyi amaiwala kuti gogoyu anayesapo ulendo womwewu m'chaka cha 1954, nasokera m'nkhalango ya ku Maine patangopita masiku ochepa, mpaka oyang'anira nkhalango anamubweza kwawo. Nzeru zimene anayenda nazo chaka chotsatira anazipeza movutikira.

Wina ndi Ray Jardine, amene pamodzi ndi mkazi wake Jenny anayenda katatu njira ya Pacific Crest Trail, ya makilomita 4,265 kuchokera kumalire a Mexico kukafika ku Canada, pakati pa 1987 ndi 1994. Buku lake la 1992 lonena za njira imeneyi, ndi mabuku ena amene anatsatira, anaphunzitsa anthu ambiri kusiya tenti, kugona pansi pa lona, ndi kusoka okha zipangizo zawo. Mfundo yake inali yakuti munthu wosalemedwa amayenda mtunda wautali, satopa msanga, ndipo sagwa kawirikawiri. Lero amene katundu wake, osawerengera chakudya ndi madzi, safika makilogalamu 4.5 ndiye amatchedwa woyenda mopepuka.

Kamangidwe kake

Lona lokha si nyumba. Pamafunika chingwe chopyapyala cha mamita 15 kapena kupitirira, zikhomo 8, ndodo ziwiri, ndi pepala lapulasitiki loyala pansi. Ndodo zimene munthu amayendera masana ndizo zimakhala mizati usiku. Kumene kuli mitengo iwiri yoyandikana, chingwe chimamangidwa kumitengoko ndipo ndodo sizifunikanso.

Kamangidwe kodziwika kwambiri ndi kofanana ndi denga la nyumba ya mbali ziwiri. Chingwe chimakokedwa pakati ngati mtanda wa denga, lona nkuyalidwa pamwamba pake, mbali zonse ziwiri nkukhomeredwa pansi. Usiku wabata mbalizo zimasiyidwa m'mwamba pang'ono kuti mpweya uzidutsa. Kukakhala mphepo ndi mvula, mtanda uja umatsitsidwa kufika m'chiuno mwa munthu kapena kutsikirapo, mbali nkukhomeredwa mpaka kugunda dothi, ndipo wogonamo amalowa chokwawa. Kwina ndi kwa mbali imodzi, ngati chisakasa cha m'munda: mbali ina pansi, ina m'mwamba. Kumeneku nkwabwino pophika kapena popumula masana, koma mphepo ikatembenuka usiku mvula yonse imathera pa munthu.

Kofunika koposa ndi kudziwa kumene mphepo ikuchokera. Khomo la lona lisayang'ane kumeneko. M'mapiri a ku Milange ndi ku Mulanje, pa miyezi ya chiperoni, mbali yotsekedwa iyang'ane kum'mwera chakum'mawa. Denga likhale lotsetsereka bwino ndi lokokeka ngati chikopa cha ng'oma, pakuti lona lolendewera limasunga madzi pakati, ndipo phokoso lake pamphepo silimugonetsa munthu. Nayiloni imatamuka ikanyowa, choncho zingwe zimafunika kukokanso asanagone.

Palinso tinthu ting'onoting'ono timene timasiyanitsa wodzuka wouma ndi wodzuka wonyowa. Pepala loyala pansi lisatulukire kunja kwa denga, chifukwa limalandira madzi a mvula nkuwatengera pamsana pa wogonayo. Madzi amatsatanso chingwe cha mtanda kulowa m'kati, ndipo mankhwala ake ndi kumangirira kachingwe kakafupi kolendewera pa chingwecho, kunja pang'ono kwa lona, kuti madzi azidonthera pomwepo. Zikhomo zikhomedwe mopendekera, mutu wake utaloza kutali ndi lona. Pamene pali thanthwe ndipo chikhomo sichilowa, chingwe chimamangidwa pa kamtengo kapena pa mwala nkupsinja ndi miyala ina. Bowo lomangirapo likang'ambika, njira yake ndi yomwe ija amaidziwa onse amene anagonapo mumsasa: kukulunga kamwala kosalala m'nsalu nkumanga chingwe pakhosi pake.

Thumba la bivy

Dzina lakuti bivy linachokera ku liwu la Chifalansa lakuti bivouac, limene limanena za kugona panja kwa asilikali kapena apaulendo popanda nyumba. Thumbali ndi lalitali ngati munthu, ndipo limavalidwa pamwamba pa chofunda. Oyamba kulikonda anali okwera matanthwe, amene usiku umawapeza pamalo opapatiza pamene tenti singaime. Limalemera kuyambira magalamu 200 kufikira pafupifupi kilogalamu imodzi malinga ndi nsalu yake, silifuna mizati, ndipo kuliyala ndi ntchito ya mphindi imodzi. Limatchinga mphepo ndi mame, ndipo limaonjezera kutentha pang'ono.

Vuto lake lalikulu ndi madzi ochokera kwa mwini wake. Thupi la munthu limatulutsa chinyezi usiku wonse, m'thukuta ndi mu mpweya, ndipo chinyezicho chikagunda nsalu yozizira chimasanduka madontho, monga zimachitikira pa chivundikiro cha mphika. Amene wagona m'thumba lapulasitiki wamba amadzuka atanyowa ngakhale kunja kusanagwe dontho la mvula. M'chaka cha 1969 Robert Gore wa ku America anatulukira chinthu chimene pambuyo pake chinapanga nsalu ya Gore-Tex, imene imatsekereza madontho a mvula koma nkulola nthunzi kutuluka. Nsalu zotere zimachepetsa vutoli, koma sizilithetsa, makamaka usiku wa nkhungu pamene mpweya wa kunja uli wodzaza kale ndi chinyezi. Choncho pakamwa ndi mphuno zikhale pa khomo la thumba, lisatsekedwe lonse, ndipo chofunda chiyanikidwe padzuwa tsiku lotsatira.

Thumbali lirinso ndi kupereŵera kwina. Mvula ikagwa tsiku lonse, munthu sangakhale tsonga, sangaphike, ndipo sangasinthe zovala popanda kunyowa. Nchifukwa chake ambiri amaphatikiza ziwirizi: lona laling'ono pamwamba kutchinga mvula, thumba lopepuka pansi kutchinga mphepo ndi madzi odontha m'mbali.

Kusankha malo

Mlimi wa ku Angónia amadziwa kuti mu Juni ndi Julayi chisanu chimaocha mbewu za kudambo, za kumtunda nkuzisiya. Mpweya wozizira ndi wolemera, ndipo usiku umatsetserekera m'zigwa ngati madzi. Wogona pansi pa lona apewe dambo ndi m'mphepete mwa mtsinje ngakhale malowo aoneke osalala ndi okongola, pakuti kumeneko ndiko kumazizira koposa ndipo mame amachuluka. Mitsinje ya m'mapiri, monga Ruo ndi Lichenya ya pa Mulanje, imasefukira mofulumira mvula ikagwa kumtunda, ngakhale pamene munthu wagonapo pasanadonthe.

Pamwamba penipeni pa chitunda ndi poipanso chifukwa cha mphepo ndi ziphaliwali. Malo abwino ali pakati: potsetsereka pang'ono kuti madzi asaime, kuseri kwa mwala waukulu kapena kwa zitsamba, pansi pa mitengo yamoyo. Asanayale kanthu ayang'ane m'mwamba ngati muli nthambi youma imene ingagwe, ndi pansi ngati pali mayenje kapena njira ya linthumbu. Malo afunidwe dzuwa lisanalowe. Amene amayenda mpaka mdima amagona pamene watopera.

Pansi ndipo pamaba kutentha kwambiri. Ngakhale chofunda chikhale chabwino motani, mbali imene munthu waigonera imapanikizika ndipo dothi limakoka kutentha kwa thupi usiku wonse. Kamphasa ka siponji nkopepuka ndipo sikayenera kusiyidwa. Moto uyatsidwe patali ndiponso kumene mphepo ikupita, chifukwa kanthethe kamodzi kamaboola nayiloni, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala udzu wouma wa m'phiri umayaka ngati wothiridwa palafini. Mitengo yaiwisi isadulidwe kuti ikhale mizati. Pa Mulanje mkungudza, umene kwawo kwenikweni ndi paphiri pomwepo, watsala pang'ono kutha chifukwa cha nkhwangwa ndi moto.

Udzudzu ndi kuzizira

Amene analemba mabuku a kuyenda ndi lona anayenda m'maiko opanda malungo. Kuno nkhani ndi ina. Udzudzu wa mtundu wa Anopheles, umene umafalitsa malungo, umaluma usiku, nthawi yomwe munthu ali mtulo pansi pa denga lopanda makoma. Pamwamba pa mapiri aatali ozizira udzudzu umachepa, koma usiku woyamba ndi womaliza wa ulendo kawirikawiri umakhala m'munsi mwa phiri, pafupi ndi midzi ndi minda. Kumeneko lona lopanda neti ndi chiphaso cha kuchipatala. Neti ya munthu mmodzi imapachikidwa pa chingwe cha mtanda, m'mphepete mwake nkupisidwa pansi pa kamphasa, ndipo alipo matumba a bivy okhala ndi neti kumaso. Zimenezi zimatetezanso ku zinkhanira, nkhupakupa ndi tizilombo tina tokwawa. M'mawa nsapato zikutumulidwe zisanavalidwe.

Za kuzizira, ambiri amanyengedwa ndi kutentha kwa m'munsi. Pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5. Kuchokera m'minda ya tiyi ya m'munsi mwa Mulanje kukafika pa Sapitwa kusiyana kwake ndi madigiri pafupifupi 15, osawerengera mphepo. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuposa mpweya nthawi zoposa 20, ndipo malaya athonje akanyowa sauma msanga. Choncho chovala chimodzi chouma cha ubweya chisungidwe m'pepala lapulasitiki, cha usiku wokha, ngakhale kukhale kwakuti m'mawa avalanso zonyowa zija.

Thupi la munthu limakhala pa madigiri 37. Likatsika pansi pa 35 ngozi yayamba. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera kosaleka, kuphunthwa, kulankhula ngati woledzera, ndi kusokonezeka mutu, ndipo mwini wake sazindikira kuti zinthu zaipa. Anzake aime pomwepo, amange lona, amuvule zonyowa, amulowetse m'chofunda ndi m'thumba, ndipo ngati akutha kumeza amupatse tiyi wotentha wa shuga wambiri. Kachasu asamupatse, chifukwa mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu ndipo kutentha kotsalako kumatuluka. Apa ndi pamene thumba la bivy limaonetsa phindu lake lenileni: munthu wothyoka mwendo kapena wosokera m'nkhungu amakhala ndi podikirira kuti kuche.

Phiri lililonse ndi zake

Pa Mulanje pali nyumba zogona apaulendo, monga za ku Chambe, Lichenya, Thuchila, Sombani ndi Chisepo, imene iri pafupi ndi njira ya ku Sapitwa. Kumeneko nzeru ndi kugona m'nyumbazo, kutenga woperekeza ku Likhubula, ndi kusunga thumba la bivy m'chikwama ngati chodzitetezera pa tsoka. Kunsonga kumene anthu amapita m'mawa poganiza kuti abwerako masana nkumene thumbali limafunika kwambiri, ndipo nkumenenso ambiri amalisiya.

Mapiri a dziko lino, monga Namuli wa ku Gurué, wa mamita 2,419, Binga wa ku Chimanimani m'malire a Zimbabwe, wa mamita 2,436, amene ndiye wamtali koposa onse, ndi Dómuè wa ku Angónia, ali ndi eni ake okhala m'munsi mwake. Mlendo ayambe wakaonekera kwa amfumu kapena kwa oyang'anira malowo, afunse pamene pamaloledwa kugona ndi pamene pali poletsedwa chifukwa cha mizimu ya makolo, ndipo atenge munthu wa komweko. Iyeyo amadziwa mapanga ouma, akasupe, ndi kumene mphepo imachokera mwezi umenewo. Safunsa anadya phula.

Tenti sinathe ntchito. M'nyengo ya dzinja, pamene mvula imagwa ndi mphepo yamkuntho ndipo udzudzu uli paliponse, kapena paulendo wokhala ndi ana, kapena pamalo oyera opanda mwala kapena mtengo wotchinga, makilogalamu 2 a tenti ndi oyenera kuwanyamula. Lona ndi thumba la bivy zimayenera miyezi ya chilimwe, anthu ochepa, ndi munthu amene anazizolowera.

Kuzolowerako kumayambira pakhomo. Amene alibe ndalama ya lona la kunja akhoza kugula nsalu yosalowa madzi, telala nkumusokera m'mphepete ndi kuikamo timalamba 8 kapena 10 tomangirapo zingwe, ndipo misoko nkuimata kuti isadonthe. Akatero alimange kuseri kwa nyumba masana, alimangenso usiku ndi tochi, kenaka agonemo tsiku la mvula pamene khomo la nyumba liri pafupi. Akadzuka wonyowa aone pamene madzi analowera, akonze, ayesenso. Woyamba kumene ayambe ndi ulendo wa usiku umodzi pa phiri lapafupi, ali ndi mnzake, atauza a kunyumba njira imene adzere ndi tsiku limene abwerere. Ndipo ngati m'mawa wa ulendo mtambo wakhala pa Chiperone, aimike ulendowo, phiri alipeza sabata yamawa.